Funsani Amakanika: Petulo wa ku Joni Akukweranji Chonchi?

Makalata ambiri amene tawalandira mwezi uno akukamba za mafuta a galimoto. Tasankhapo anayi, ndipo tawayankha mothandizana ndi anzathu amene amatsata za mitengo.

Akuluakulu, ndimanyamula anthu pa galimoto yanga yaing'ono kuno ku Joni. Petulo akakwera, lero akuti ndi nkhondo, mawa akuti ndi randi. Dziko lino limapanga lokha mafuta ku Secunda, nanga tikulipiriranji mtengo wa kunja? Kodi si eni magaraja amene akutidyera masuku pamutu?
*Dalaivala, Rosettenville*

Achimwene, mwini garaja msiyeni, alibe mlandu pa petulo. Kuno ku South Africa mtengo wa petulo umaikidwa ndi boma, ndipo umasintha Lachitatu loyamba la mwezi uliwonse. N'chifukwa chake Shell, Engen, BP ndi Sasol za m'dera limodzi zimagulitsa pa mtengo umodzi. Mukamva kuti akwera, mwetsani Lachiwiri madzulo, chifukwa mtengo watsopano umayamba pakati pa usiku.

Gawo lalikulu la mtengo wa lita imodzi ndi lomwe amalitcha Basic Fuel Price. Amawerengera ngati kuti lita iliyonse yagulidwa kunja: mtengo wa petulo woyengedwa kale m'misika ya ku Mediterranean ndi ku Singapore, kuphatikiza za sitima, inshuwalansi ndi zapadoko. Mafuta amene Sasol imapanga kuchokera ku malasha ku Secunda amagulitsidwanso pa mtengo womwewo. Choncho kupangidwa kuno sikukutsitsirani ngakhale senti.

Zonsezi zimalipiridwa m'madola, ndipo apa m'pamene randi imalowera. Mgolo umodzi wa mafuta osayenga ndi malita 159. Tiyerekeze kuti mgolo uli pa $80. Dola ikakhala pa R17, mgolowo ndi R1,360. Randi ikafooka n'kufika pa R19, mgolo womwewo ndi R1,520. Gawani ndi 159, muona kuti lita yakwera ndi pafupifupi R1, chonsecho kunja mtengo sunasunthe. Mu 2022 zonse ziwiri zinabwerera limodzi. Russia italowa m'dziko la Ukraine mu Febuluwale, mgolo unapitirira $120, randi nayo inali yofooka, ndipo mu Julayi petulo wa 95 anafika pa R26.74 pa lita kuno ku Gauteng. Mayiko opopa mafuta a m'bungwe la OPEC akagwirizana zochepetsa mafuta omwe amapopa, zotsatira zake zimakhala zomwezo.

Kenako pali misonkho. Mu Juni 2025 msonkho wa General Fuel Levy unafika pa R4.01 pa lita ya petulo, ndipo wa Road Accident Fund, thumba lolipira anthu ovulala pa ngozi zapamsewu, unali pa R2.18. Pamodzi inali R6.19. Pa thanki ya malita 50, ndiye kuti R309.50 inkapita kumeneko musanalize n'komwe injini. Ife a ku Joni timaonjezanso ya mayendedwe, poti mafuta ambiri amakwera kuchokera ku Durban kudzera m'mapaipi a Transnet. Ndiye chifukwa chake ku Durban ndi ku Cape Town lita imatsikirako pang'ono.

Dziwaninso kuti dziko lino likudalira kwambiri mafuta oyengedwa kunja kusiyana ndi kale. Malo oyengera a Engen ku Durban anaima moto utabuka mu Disembala 2020, ndipo a Sapref, omwe anali aakulu kuposa onse, anaima mu 2022.

Bambo anga aang'ono akuti petulo wa 95 amakhalitsa kuposa wa 93. Ine ndimayendetsa Polo Vivo yopanda turbo. Ndimwetse uti? Komanso galimotoyi yayamba kumwa kwambiri.
*Mayi wa ku Cosmo City*

Mayi, nambala imeneyo sikutanthauza mphamvu kapena kukhalitsa. Imasonyeza mmene petulo amapirira kupanikizidwa mu injini asanayake yekha nthawi isanakwane. Joni ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, mpweya ndi wopepuka, ndiye injini zambiri zopanda turbo zimayenda bwinobwino pa 93. Za turbo zimadzikankhira mpweya wambiri, choncho zimafuna 95. Tsegulani kachitseko ka pothirira mafuta kapena buku la galimoto, zalembedwa pomwepo. Bambo aang'onowo ngati galimoto yawo ili ndi turbo, akunena zoona, koma za galimoto yawo.

Za kumwa kwambirizo, yezani kaye, musadalire muvi wa geji. Dzazani thanki mpaka pampu idule yokha, bwezani nambala ya trip pa 0, yendani monga mwa masiku onse, kenako dzazaninso. Gawani malita amene alowa ndi makilomita amene mwayenda, muchulukitse ndi 100. Malita 38 pa makilomita 450 ndiye kuti malita 8.4 pa makilomita 100 alionse. Chitani kawiri kapena katatu kuti mukhale ndi nambala yodalirika.

Nambalayo ikamakwera, yambani ndi zotchipa. Matayala osakwana mpweya amakakamira pansi ndipo injini imavutika kuwakoka. Yezani m'mawa asanatenthe, mutsate nambala yomwe ili pa kapepala ka pafelemu ya chitseko cha dalaivala, osati yolembedwa pa tayala. Kenako mapulagi: akatha, moto umakhala wofooka ndipo petulo wina amatuluka osapsa. Onaninso fyuluta ya mpweya, makamaka mwezi wa Ogasiti wa fumbi uja. Mukayenda mtunda pang'ono, imani n'kuyandikitsa dzanja pa limu iliyonse. Imodzi ikatentha kuposa zinzake, buleki ikugwira, ndipo mukuyenda ngati munthu wokoka ngolo.

Pali china chimene amakanika am'mbali mwa msewu amakonda kuchita: kuchotsa thermostat, kachipangizo kowongolera kutentha kwa injini, galimoto ikamatentha. Kutentha kuja kumaoneka ngati kwatha, koma injini imayamba kuyenda yozizira nthawi zonse, ndipo kompyuta imathira petulo wochuluka poganiza kuti galimoto yangolizidwa kumene. M'nyengo yozizira ya kuno zimenezi zimadya ndalama zambiri. Sensa ya mpweya ya ku ekizozi ikafa imachitanso chimodzimodzi, ndipo kawirikawiri kagetsi ka injini kamayaka.

Kayendetsedwe nako. Pa msewu waukulu wa N1, kuyenda pa liwiro la 100 m'malo mwa 120 kumapulumutsa mafuta ooneka ndi maso. Timaginito ndi timapilitsi timene amatsatsa pa Facebook kuti timachepetsa mafuta, tisiyeni.

Ndili ndi bakkie ya dizilo yonyamula katundu wa anthu opita kumudzi. Wina akundigulitsa dizilo wa m'zigubu motchipa kwambiri. Nditenge?
*Wonyamula katundu, Park Station*

Ayi, akulu. Dizilo wotchipa modabwitsa nthawi zambiri amakhala wosakaniza ndi palafini, poti palafini salipira misonkho ija. Kusakanizako ndi mlandu, komanso palafini alibe kuterera komwe kumateteza pampu ndi mainjekita. Zitsulo zimayamba kudyana, tizidutswa take timafalikira m'mapaipi onse, ndipo kukonza kwake kumaposa zonse zimene munapulumutsa. Ngati mukufuna kusunga ndalama, yerekezani mitengo m'magaraja: mtengo wa dizilo pa pampu suikidwa ndi boma, garaja iliyonse imaika wake. Sungani lisiti nthawi zonse.

Kumudzi anthu amagona pa mzere wa mafuta, kuno mtengo sukutsika. Kodi palibe njira yoti tisiyane nawo mafutawa? Galimoto zamagetsi bwanji?
*Wa njinga yamoto yoperekera katundu, Randburg*

Achimwene, mavuto awiriwa ndi osiyana. Kumudzi ku Malawi vuto lalikulu ndi kusowa kwa ndalama zakunja zogulira mafuta, omwe amachita kudutsa ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, bungwe loika mitengo ya mafuta la MERA linakweza mitengo nthawi yomweyo. Komatu pa nkhani yochepetsa kudalira mafuta akunja, Malawi anayamba kale: kuyambira 1982 petulo wa kwathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku zotsalira za nzimbe, yemwe amapangidwa ku Dwangwa, ndipo pambuyo pake ku Chikwawa. Lita iliyonse ya ethanol ndi madola amene sanatuluke m'dziko. Kuipa kwake, ethanol ali ndi mphamvu zochepa kuposa petulo, ndipo amakoka chinyezi galimoto ikakhalitsa osayenda.

Galimoto yamagetsi imatchipa kuyendetsa, koma imadula kugula, ndipo imafuna malo anuanu otchajira usiku. Wokhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya lendi, wogawana mita ndi mabanja asanu, aiwale kaye. Magetsi a Eskom nawo ambiri amachokera ku malasha. Kwa inu a njinga nkhani ndi ina, chifukwa batire yake ndi yaing'ono ndipo maulendo anu ndi a m'tauni momwemo. Musanasaine pangano la lendi ya njinga yamagetsi, funsani kuti batire imodzi imayenda makilomita angati bokosi lili lodzaza, malo osinthira mabatire ali kuti m'dera lanu, ndipo batire ikafa amalipira ndani. Kenako yerekezani lendi ya pa sabata ndi ndalama ya petulo ndi oyilo imene mumawononga panopa.

Kwa ogwira ntchito malo amodzi, basi ya Rea Vaya, yomwe inayamba mu 2009, imalumikiza Soweto ndi m'tauni, ndipo sitima za Metrorail zabwerera m'njira zingapo. Anthu anayi a ku Diepsloot ogwira ntchito ku Sandton akakwera galimoto imodzi, aliyense amalipira gawo limodzi mwa magawo anayi a petulo.

Njinga ya petulo imene muli nayo panopa, tcheni chikhale chothira mafuta ndi chosalendewera, ndipo muzimitse injini mukamadikira oda pakhomo pa sitolo.