Amene anaika switch anapita ndi pasiwedi yake

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata amene wangoyamba kumene ntchito yoyang'anira makompyuta pa ofesi ina ku Nsanje. Akuti m'kachipinda ka maseva muli switch ya Cisco, chida chimene chimalumikiza makompyuta onse a mu ofesi pa netiweki imodzi, amene anaiika anachoka kalekale, pasiwedi palibe akuidziwa, ndiye akufuna ndimuuze mmene angaifufutire kuti ibwerere mmene inalili pochoka kufakitale. Achimwene, ndikuyankhani, koma mundilole nditulutse kaye zimene zili kukhosi, chifukwa mwandigunda pachilonda.

Ntchito imeneyi ndakhala ndikuigwira kuno kuchigwa kwa zaka zambiri, kuyambira Chikwawa, Nchalo, Ngabu mpaka Bangula, ndipo nkhani yanuyi ndaiona mobwerezabwereza. Madzi atasefukira mu Januwale 2015, mabungwe anabwera ndi thandizo, ndipo mwa thandizolo munalinso makompyuta ndi zida za netiweki. Zida zabwino ndithu. Koma kaikidwe kake kanali kofanana: munthu amatsika Thabwa m'mamawa kuchokera ku Blantyre, amamangirira switch m'kabati, amalumikiza mawaya, intaneti ikangoyaka amasainitsa pepala, dzuwa lisanapendeke ali kale pa mseu wa M1 kuthawa kutentha. Sasiya pasiwedi, sasiya pepala losonyeza kuti waya uyu ukupita kuti, ngakhale kebulo ya console, yolumikizira laputopu ku switch poikonza, imene inabwera m'katoni amapita nayo m'chikwama.

Tsiku lina ndinaitanidwa pa ofesi ina, mwezi ukutha. Mayi wa ku akaunti anali atakhala panja pamthunzi mafayilo ali pamiyendo, chifukwa malipiro a anthu anali asanatumizidwe ndipo kompyuta yawo sinkaona seva. Nditatsegula kabati ndinapeza fumbi lofiirira litatseka timabowo ta mpweya, mavu atamanga nyumba zawo zadothi pakona, mawaya onse abuluu, popanda ndi umodzi womwe wolembedwa dzina. Mnyamata wa pa ofesipo, poona kuti intaneti ikuchedwa, anali atakanikiza batani la Mode la kutsogolo kwa switch kwa nthawi yaitali monga anamuuzira mnzake pafoni. Switch inadzimitsa n'kudziyatsanso ilibe kanthu m'mutu. Mafoni a pa desiki anafa, printa inasowa, zonse zinangoti zii. Tinayesa kuimbira amene anaika uja. Titamupeza anati abwera, koma atumiziridwe kaye ndalama ya mafuta ndi alawansi. Kuchoka ku Blantyre kufika ku Nsanje ndi makilomita oposa 170, ndipo iye ankadziwa bwino kuti palibe kwina kumene anthuwo angalowere.

Chinatipulumutsa ndi chakuti pa switch zambiri za Cisco za mtundu wa Catalyst za nthawi imeneyo batani lija silifufutiratu mafayilo, limangowasintha mayina. Nditalumikiza laputopu n'kulemba dir flash:, lamulo loonetsa mafayilo a mu switch, ndinaona config.text.renamed ndi vlan.dat.renamed, mafayilo a makonzedwe ake, zili phee pamenepo. Nditabwezera mayina ake akale, mayi aja anatumiza malipiro madzulo omwewo. Mnyamata uja sindinamudzudzule, ndipo mpaka lero sindimuona wolakwa. Anasiyiridwa chida chimene anabisiridwa dala mmene chimagwirira ntchito.

Apa ndiye ndiyankhule mosapsatira. Munthu amene waika zida za netiweki koma osasiya pasiwedi ndi kope la makonzedwe ake sanamalize ntchito, ndipo sayenera kulipidwa. Ena amanamizira chitetezo, ati anthu a kumudzi angaononge. Si zoona. Chitetezo chenicheni ndi pasiwedi yolembedwa, yoikidwa mu envelopu yomata, yotsekeredwa mu sefa ya mkulu wa ofesi. Kuisunga m'mutu mwako wekha uli kutali ndi kudzisungira msika, kuti chikangovuta chilichonse akuitane iwe. Ndipo akuluakulu a maofesi amene amasaina mapepala olandirira katundu osafunsa zimenezi nawonso ali ndi mbali yawo pa mlanduwu. Achinyamata athu akuphunzira za makompyuta, akubwerera kwawo kuchigwa ndi masatifiketi, koma akafika pa ntchito akupeza khomo lokhoma, kiyi ili kumtunda.

Chimene anthu ambiri sachimvetsa ndi chakuti switch ya mtundu uwu si foni yoti ukaifufuta umangotaya zithunzi. Aliyense amene anapitako ku sikimu ya mpunga ku Nkhate kapena ku Muona amadziwa kuti madzi sangoyenda okha, pali ngalande ndi zitseko zimene zimanena kuti awa apite kumunda uku, awa uko. Ma VLAN, magawo amene netiweki imagawidwamo mkati mwa switch, ndi choncho. Amalekanitsa makompyuta a ku akaunti, mafoni, makamera ndi WiFi ya alendo, ndipo doko lililonse, kutanthauza polowetsa waya pa switch, linauzidwa mbali yake. Mukafufuta, madoko onse amagwera mu VLAN 1, ndipo ngati palibe pena pamene zinalembedwa, ndiye kuti mwataya kope lokhalo limene linalipo. Kuzimanganso kumafuna kulondola waya umodziumodzi m'denga la malata mu Okutobala, kunja kukutentha kupitirira madigiri 40.

Kutenthako ndikunenereninso pang'ono. Switch zambiri zinapangidwa kuti zigwire ntchito mpaka madigiri 40 kapena 45, ndipo kachipinda kopanda zenera kuno kamafika pamenepo mosavuta. Ndaonapo switch zimene anthu ankati zasokonezeka mutu, pomwe vuto linali fani yotsekeka ndi fumbi, kapena mabatire otupa a UPS, chida chosungira magetsi chija. Kufufuta sikuchiza zimenezo. Nkhani ya magetsi ndi inanso. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo magetsi ankangothimathima kwa miyezi yambirimbiri. Nthawi imeneyo ndinkalandira mafoni ochuluka akuti switch yaiwala zonse. Sinaiwale. Cisco imasunga makonzedwe pawiri: running-config, imene ikugwira ntchito panopa ndipo imatha magetsi akazima, ndi startup-config, imene imawerengedwa poyatsa. Munthu akasintha zinthu osalemba copy running-config startup-config, zonse amapita nazo magetsi. Choncho ngati switch yanu yakhala pa UPS nthawi yaitali osazima, dziwani kuti kungoizimitsa kokha kukhoza kusintha zinthu. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023 ndiye tinaona zina, zida zolowa matope, zimene palibe lamulo lililonse lolemba pa kiyibodi lingazidzutse.

Zochita zake tsopano

Achimwene, inu chimene mukusowa ndi pasiwedi, osati switch yopanda kanthu, ndipo pasiwedi imasinthika makonzedwe osatayika. Pemphani chilolezo kwa abwana anu cholembedwa, sankhani Loweruka masana, jambulani kutsogolo kwa switch ndipo mumate kapepala pa waya uliwonse. Pezani kebulo ya console, tsegulani pulogalamu ya PuTTY pa laputopu, pa liwiro la 9600. Ngati ili Catalyst 2960 kapena anzake, zulani waya wa magetsi, gwirani batani la Mode, bwezerani wayawo mukadagwirabe, mulisiye pakatha masekondi angapo kuti pa laputopu patuluke mawu akuti switch:, kenako lembani flash_init, rename flash:config.text flash:config.old ndi boot. Ikafunsa zoyamba kukonza mwatsopano, yankhani no. Lembani enable, bwezerani dzina la fayilo lija kuti likhalenso config.text, kenako copy flash:config.text system:running-config, ikani enable secret yatsopano, ndiyo pasiwediyo, ndi kusunga. Chenjerani ndi chimodzi: ikakuuzani kuti njira yobwezera pasiwedi inatsekedwa n'kufunsa ngati mukuvomera kufufuta zonse, kanani ndipo mulekere pomwepo.

Mukalowa, chinthu choyamba ndi show running-config ndi show vlan brief, zonse zikopedwe pa ma flash disk awiri. Mukatero n'kuonabe kuti mukufuna kufufuta, ndi mizere itatu basi: write erase, delete flash:vlan.dat, reload, ndipo ikafunsa zosunga muyankhe no. Pa Nexus, mtundu wina wa switch za Cisco umene umapezeka kwambiri m'ma data center akuluakulu, ndi write erase ndi reload, koma adiresi ya doko la mgmt0, loyang'anirira switch, imatsala pokhapokha mutalembanso write erase boot. Pa Catalyst 9000 musathamangire factory-reset all, chifukwa imachotsa ndi pulogalamu yoyendetsa switch yomwe, ndipo kukopera ina pa intaneti ya ku Nsanje si ntchito ya tsiku limodzi.

Fayilo ya vlan.dat ija musaiiwale, makamaka inu amene mumagula switch zogwirapo kale ntchito kapena kulandira zamphatso. Ma VLAN akale amakhala mmenemo pamodzi ndi nambala ya VTP, njira imene switch za Cisco zimagawirana ma VLAN, ndipo write erase siikhudza. Switch yotere ikalumikizidwa pa netiweki ya dzina la VTP lofanana, nambala yake n'kukhala yokulirapo, imatha kufufuta ma VLAN a switch zina zonse. Apa pokha ndi pamene ndimalimbikitsa kufufuta popanda kukayika, switch ikadali patebulo, isanakhudze waya wa ofesi. Chimodzimodzi yanu ikamachoka kupita kwina, chifukwa mkati mwake mumatsala mapasiwedi ndi maadiresi a maseva anu.

M'kalata yanu simunatchule mtundu weniweni wa switch. Onani nambala imene yalembedwa kutsogolo kapena pa kapepala ka kuseri, munditumizire pamodzi ndi chithunzi cha mawaya, tione limodzi Loweruka lisanafike.