Mafunso a Owerenga: Mafunde a Mphamvu Yokoka Amene LIGO Singawamve

Funso: Ndinawerenga kuti makina a LIGO ku America anagwira kale mafunde a mphamvu yokoka mu 2015. Nanga akatswiri ena akuvutikiranji kupanga timakina tating'ono tofunafuna mafunde omwewo?

Yankho: Si omwewo ayi, owerenga athu. Mafunde a mphamvu yokoka ndi kugwedera kumene kumatalikitsa ndi kufupikitsa mitunda pamene kukudutsa, ndipo amasiyana kufulumira kwake. Amene LIGO inagwira pa 14 September 2015 anachokera ku ma black hole (zinthu za mumlengalenga zokoka kwambiri moti ngakhale kuwala sikuthawako) awiri owombana, ndipo ankagwedera ka 35 mpaka ka 250 pa sekondi, ndiye kuti 35 mpaka 250 Hz. Makinawa amamva bwino kuyambira 10 Hz kufika ma Hz masauzande ochepa. Kupitirira apo, amagontha. Vuto lili m'mikono yake, mipope iwiri ya makilomita 4 yokhala ndi magalasi kumapeto. Kuwala kwa leza kumapita ndi kubwerera pakati pa magalasi pafupifupi ka 300 kusanatuluke. Funde lofulumira kwambiri limatalikitsa mkono n'kuufupikitsanso kuwala kudakali m'kati momwemo, ndiye zizindikiro ziwirizo zimafafanizana. Funde la 1 MHz (Hz miliyoni imodzi) ndi lotalika mamita 300, la 1 GHz (Hz biliyoni imodzi) masentimita 30 okha. Makina ake ayenera kucheperachepera.

Funso: Kodi mafunde ofulumira chotero amachokera kuti?

Yankho: Palibe nyenyezi yodziwika imene imatulutsa mafunde opyola 10 kHz (Hz 10,000). Ma black hole akapepuka m'pamene amagwedera mofulumira. Awiri olemera pamodzi ngati Dzuwa amafika pa 4,400 Hz atatsala pang'ono kuwombana. Kuti afike 1 MHz, ayenera kulemera ngati ma Jupiter anayi kapena asanu basi, ndipo nyenyezi ikamafa siisiya black hole yaing'ono chomwecho. Yotereyo ikanapangika chilengedwe chitangoyamba kumene. N'chifukwa chake ife timaona kuti ntchitoyi njoyenera kuichita: funde limodzi lotsimikizika kumeneku lingationetse zinthu zimene sayansi sinazionepo.

Funso: Amawasaka bwanji, ndipo chimalakwika n'chiyani?

Yankho: Njira yoyamba ndi mwala wa quartz. Ku University of Western Australia, mumzinda wa Perth, gulu la Michael Tobar ndi Maxim Goryachev limagwiritsa ntchito kambale ka quartz kotambalala pafupifupi masentimita 3. Amakaika m'chitini chopanda mpweya n'kukaziziritsa mpaka cha m'ma -269°C, chifukwa kutentha kulikonse kumakanjenjemeretsa koposa momwe funde lingachitire. Quartz ikapanikizika imatulutsa magetsi. Choncho funde likakagwedeza cha pa 5 MHz, kachipangizo kotchedwa SQUID kamakulitsa timagetsito kuti tiwerengeke.

Mu 2021 analengeza kuti pa masiku 153 anaona zizindikiro zachilendo kawiri, pa 12 May ndi pa 27 November 2019. Sananene kuti agwira mafunde, ndipo anachita bwino. Kanthu kochokera mumlengalenga kakaboola mwalawo, kapena mwalawo ukangomasuka pang'ono m'kati mwake, chizindikiro chimaoneka chimodzimodzi. Wasayansi wa ku America Joseph Weber anagwa m'mbuna imeneyi mu 1969 ndi zitsulo zake za aluminiyamu: analengeza kuti wawagwira, koma ena atabwereza sanapeze kanthu. Makina atsopano a ku Perth, otchedwa MAGE, ali ndi miyala iwiri. Chizindikiro chooneka pa umodzi wokha amachitaya.

Njira yachiwiri ndi maginito. Mu 1962 Mikhail Gertsenshtein anasonyeza kuti kuwala kodutsa m'mphamvu ya maginito kungasanduke mafunde a mphamvu yokoka, ndipo zimathekanso mobwerera. Amaika chitini cha kopa m'maginito amphamvu, cha m'ma tesla 8 (tesla ndi muyeso wa mphamvu ya maginito) ngati a makina a ADMX ku Seattle, n'kumvetsera ngati mwabadwa timafunde ta wailesi ta ma GHz. Chovuta n'chakuti chitinicho chimamva kachigawo kopapatiza kwambiri ka ma Hz, pamene ma black hole owombana amadutsa pamenepo m'kuphethira kwa diso. Mu 2019 akatswiri anaunikanso zimene makina a ALPS ku Hamburg, ndi a OSQAR ndi CAST ku CERN (malo ofufuzira sayansi pafupi ndi Geneva), anasonkhanitsa posaka tinthu tongoganiziridwa totchedwa axion. Sanapeze funde, koma anaika malire a kukula kumene mafundewo angakhale nako.

Palinso njira zina za leza. Ku Fermilab, malo ofufuzira sayansi ku America, Holometer inali ndi makina awiri a leza a mikono ya mamita pafupifupi 40, ndipo inasaka pakati pa 1 ndi 13 MHz. Phokoso la leza limasiyana m'makina awiriwo, choncho amasunga chokhacho chimene onse agwirizana. Ku Northwestern University, Andrew Geraci akulenjeka kanthu kakang'ono pa kuwala kwa leza kuti amve pakati pa 10 ndi 300 kHz.

Funso: Ndiye atsala pang'ono?

Yankho: Ayi, mtunda udakalipo wautali. LIGO inayeza kusintha kwa kutalika kwa mikono yake kwa gawo limodzi pa 10²¹ (1 wotsatidwa ndi maziro 21). Mafunde otsala kuchokera pachiyambi cha chilengedwe, mphamvu ikakhala yofanana, amachepa kukula akamafulumira: pa 1 MHz ndi aang'ono ka 10,000 kuposa pa 100 Hz. Makina onse osaka mafunde ofulumirawa sanafike ngakhale pafupi ndi mlingo wofunika kuti amve mafunde otsalawo, moti chimene angagwire panopa ndi kuwombana kwa ma black hole aang'ono kochitikira pafupi kwambiri ndi dziko lathu.