Chimazolowera LA si thupi lanu, ndi kachirombo

Mayi wina wa ku Lizulu wanditumizira imelo sabata ino. Mng'ono wawo wakhala akudwala malungo pafupipafupi, ndipo tsopano madokotala am'peza ndi lupus, nthenda imene chitetezo cha m'thupi chimaukira mwiniwake. Kumudzi akuti thupi lake linazolowera LA, mankhwala a malungo aja, mpaka kuwonongeka. Chawadabwitsanso n'chakuti akum'patsa hydroxychloroquine, m'bale wake wa kolokwini uja tinasiya kalekale.

Mayi, pepani ndi matendawo. Koma LA musamunamizire.

Chimazolowera mankhwala ndi kachirombo ka malungo, osati munthu. Tizirombo tina timabadwa ndi majini osinthika pang'ono (majini a chibadwa, osati a kwa sing'anga aja). Mankhwala akapha tinzake, ito timatsala n'kuswana. Kolokwini anagwa choncho. Akuluakulufe tikumukumbukira, kuwawa pakamwa ndi kuyabwa usiku wonse, malungo osachoka. Mu 1993 Malawi inakhala dziko loyamba mu Africa kumusiya, n'kutenga Fansidar. Ndiye tamvani izi: mu 2005 ofufuza anamuyesanso pa ana ku Ndirande, ndipo anachiza ana 99 mwa 100 alionse. Tizirombo tosamva tija tinali titazimirira, poti kolokwini atachoka, kusinthako kunasanduka mtolo wolemera pachabe.

LA tinayamba mu 2007. Ku Rwanda ndi ku Uganda apeza kale tizirombo tosinthika pa jini ya kelch13, timene timachedwa kufa ndi mankhwala amtunduwu. N'chifukwa chake mtima umandiwawa ndikaona munthu wamwa mapiritsi a LA 8 mwa 24, thupi lapepuka, otsalawo wakulunga m'kapepala n'kusomeka kudenga kuti adzamwe wina.

Za lupus zili m'majini athu ife anthu, ndipo malungo alimo, koma osati momwe akunenera kumudzimo. Kafukufuku wa mu 2010, amene anakhudzanso ana a ku Kenya, anayang'ana jini ya FCGR2B. Jiniyi ili ngati mabuleki a chitetezo cha m'thupi. Ena anabadwa ndi mabuleki ofooka. Malungo akabwera, chitetezo chawo chimalimbana nawo mwaukali, ndipo mwana amakhala ndi mwayi wochuluka wopewa malungo aakulu. Koma amene anatsikapo Khwekhwelere pa lole yodzadza kachewere akudziwa kuti mabuleki ofooka n'chiyani. Kusintha komweko kumawonjezera mpata wa lupus. Mpata chabe, Mayi, si chigamulo. Majini ambiri amalowererapo, ndipo nthendayi imakonda akazi kuposa amuna.

Hydroxychloroquine akum'patsayo si wa malungo, ntchito yake pano n'kuziziritsa chitetezo chaukalicho. Asasiye ngakhale akupeza bwino, ndipo afunse adokotala za kupimitsa maso, chifukwa akamwedwa zaka zambiri amatha kuvulaza maso. Thupi likatentha asamati ndikumwa kale mankhwala a malungo. Apite akabayitse chala, amuyeze.