Ndege ikagundidwa koma bala osaoneka, amadziwa bwanji?

Achimwene, mwafunsa kuti ndege zamakono zopangidwa ndi composite (zipangizo zosiyana zomatidwa pamodzi) akazigunda amadziwa bwanji kuti zavulala, komanso ngati masensa, tizida tozindikira zomwe zikuchitikira ndege, angaimalize okha ntchitoyo. Mundipirire, yankho lake ndi lalitali.

Pafupifupi theka la kulemera kwa Boeing 787 ndi composite, ndipo pa Airbus A350 ndi 53 peresenti. Amasanjikiza timagawo topyapyala ta ulusi wa kaboni n'kutimata ndi guluu wotchedwa epoxy, monga apangira pulayiwudi. Vuto lagona pomwepo. Aluminiyamu ukaimenya imalowa mkati n'kukhala choncho, aliyense n'kuona. Composite imabwerera m'malo mwake ngati palibe chachitika, pomwe mkatimo timagawo tija talekana. Mainjiniya amalitcha BVID bala lotere, kutanthauza losaoneka bwino ndi maso. Oyambitsa ndi matalala, mbalame, sipanala yopulumuka m'manja mwa makaniko, ngakhale galimoto yokweza katundu pabwalo la ndege. Ya galimotoyi ndiyo imandidetsa nkhawa, chifukwa woyendetsa akayang'ana n'kuona posalala akhoza kungochokapo osanena. Malo ovulala chotere ukawakoka amapirira, koma akapanikizika, monga pamwamba pa phiko ndege ili m'mwamba, amafooka kwambiri.

Njira yozolowereka ndi kugogoda ndi kahamala n'kumvetsera kulira kwake, kapena kuyendetsapo makina a ultrasound, ounika mkati ndi mafunde a phokoso. Zimagwira, koma ndege iyenera kuima, ndipo munthu adziwe poti ayang'ane.

Masensa a piezoelectric, osandutsa kugwedezeka kukhala magetsi, tokhala ngati tindalama tachitsulo, amamatidwa pathupi la ndege. Chinthu chikagunda, kugwedezeka kumafika pa sensa iliyonse panthawi yosiyana, kompyuta n'kuwerengera pomwe chamenya. Amathanso kutumizirana mafunde otchedwa Lamb waves. Mafundewo akadutsa pomwe timagawo talekana amafika atasintha, ndiye amawayerekeza ndi omwe anajambulidwa chiwalocho chili chabwinobwino. Palinso sensa ya ulusi wagalasi wotchedwa FBG, wochepa ngati tsitsi, womwe umasintha kuwala kumene ukubweza ukatamuka.

Koma kuyerekeza kuja n'kumene kumavuta. Kumwamba kumazizira kufika -50 digiri, pansi dzuwa n'kuiwotcha ndegeyo, ndipo liwiro la mafunde limasintha nako kutentha. Sensa imene guluu wake wayamba kumatuka imanenanso bodza. Ikati pali bala pomwe palibe, ndege yaima pachabe. Ikati zonse zili bwino bala lilipo, ndiye zoopsa zenizeni. N'chifukwa chake FAA ndi EASA, mabungwe oyang'anira chitetezo cha ndege ku America ndi ku Ulaya, amafuna umboni wochuluka asanalole kuti sensa ilowe m'malo mwa woyendera.

Musachite mantha pokwera. Malamulo amafuna kuti chiwalo chokhala ndi BVID chipirirebe mphamvu yochulukitsa ka 1.5 ija yaikulu kwambiri imene ndege ikuyembekezeka kukumana nayo. Kwa ine, phindu la masensa pakadali pano ndi kuuza wa ultrasound uja kuti ayambire pakhomo lokwezera katundu, m'malo mofufuza ndege yonse.