Kodi mkuwa ungaphe khansa? Yankho kwa mlongo wa ku Matero

Mlongo wina wa ku Matero, mu mzinda wa Lusaka ku Zambia, wandilembera imelo. Amayi ake akulandira chithandizo cha khansa ya khomo la chiberekero ku Cancer Diseases Hospital. Iye waona pa Facebook kuti mkuwa wophatikiza ndi ma amino acid umapha maselo a khansa ndi mabakiteriya, ndiye akufunsa ngati angawagulire mapilisi a mkuwa.

Mlongo wanga, musagule. Komabe zimene mwawerengazo zili ndi mutu wake.

Ma amino acid ndi tizidutswa timene timamanga mapuloteni m'thupi, ndipo tilipo mitundu 20. Kakang'ono kwambiri, glycine, kali ndi timanja tiwiri, ka nayitrojeni ndi ka okosijeni. Kakakumana ndi mkuwa kapena zinki kamapana chitsulocho monga ichitira nkhanu. Chitsulo chopanidwa chotere nthawi zambiri chimadutsa mosavuta pakhungu lamafuta la selo, ndipo mkuwa ukalowa mkati umakalipitsa okosijeni mpaka DNA, imene imasunga malangizo a selo, kuduka. Ku Mexico, Lena Ruiz Azuara ndi anzake anapanga mankhwala otchedwa Casiopeínas, ena mwa iwo okhala ndi mkuwa ndi glycine. Akufufuzidwabe.

Pamene pagona nkhani ndi apa: zambiri mwa zimenezi zaoneka m'timbale ta mu labotale ndi pa mbewa. M'kambale mulibe chiwindi, mulibe impso. Chimene chimadula DNA ya khansa chingadulenso ya selo labwino.

Taonani cisplatin, mankhwala a chitsulo cha platinamu, ngakhale alibe amino acid. Mu 1965 Barnett Rosenberg, ku Michigan State University, anaona mabakiteriya atasiya kugawikana n'kumangotalika ngati ulusi chifukwa cha platinamu, ndipo apa ndi pamene panayambira cisplatin. Mankhwalawa anavomerezedwa ku America mu 1978, patapita zaka 13. Lero amaperekedwa pamodzi ndi radiotherapy (chithandizo cha cheza) pa khansa ngati ya amayi anuyi, mwina ndi omwe akulandira. Ndi amphamvu, koma amapweteka impso, n'chifukwa chake wodwala amayamba waikidwa madiripi a madzi.

Kunena zoona, ine zimandikhudza ndikaona malole a mkuwa wa ku Chingola ndi Solwezi akutuluka m'dziko muno. Ndimalakalaka achinyamata athu a ku yunivesite ya Zambia (UNZA) atapeza ndalama zofufuzira mankhwala oterewa konkuno kwathu.

Mapilisi a m'sitolo aja ndi ongowonjezera chakudya, si mankhwala amene akuyesedwawo. Mkuwa ukachuluka m'thupi umawononga chiwindi, ndipo thupi la amayi lili kale pa ntchito yaikulu. Tsiku limene mudzawaperekeze kuchipatala, mudzanyamule chilichonse chimene akumwa kunyumba, ngakhale mizu imene achibale abweretsa kuchokera kumudzi, mukawaonetse adokotala. Mudzafunsenso mmene magazi akusonyezera za impso zawo.