Wandisiya mayeso ali pafupi, kodi ndine wofooka?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wa chaka chachitatu pa Chanco. Ndaifupikitsa, koma mawu ndi ake: "Chibwenzi changa chinatha mwezi watha. Tinayamba tili ma yearo (ophunzira a chaka choyamba), ndipo ndi iyeyo anandisiya. Tili kalasi imodzi, gulu la asayimenti ndi limodzinso. Usiku tulo sitibwera, nsima ndimangoinyema kawiri n'kuisiya, ndikatsegula buku palibe chikulowa. Anzanga akuti ndikamwe, ndipeze wina. Mayeso atsala milungu itatu. Kodi ndine wofooka?"

Achimwene, simuli wofooka. Ululu mukuumvawu ndi weniweni. Mu 2011, Ethan Kross wa ku University of Michigan ndi anzake anatenga anthu 40 omwe anali atangosiyidwa kumene ndi zibwenzi zawo, n'kuwaika m'makina ojambula ubongo. Akawaonetsa chithunzi cha yemwe anawasiya uja, mbali zina za ubongo zomwe zimadzuka munthu akapsa ndi chinthu chotentha pamkono zinkadzukanso. Ndiye mukamati pamtima pakuwawa, thupi lanu likunena zoona.

Pasukulu zimavuta kuposa kwina. Kumudzi kapena kutauni, chikatha ukhoza kusintha njira yopitira kumsika. Pa Chirunga, pomwe pali Chanco, mungathawire kuti? Mukumana naye kulaibulale, m'kalasi wakhala mizere iwiri kutsogolo kwanu, madzulo mudutsana naye panjira ya ku Chikanda akuseka ndi anzake omwe dzulo lomweli anali anzanunso. Komanso simunataye munthu yekha. Mwataya yemwe ankakuimbirani kuti dzukani kalasi yayamba, yemwe munkasonkherana naye ndalama ya ndiwo mwezi ukafika pakati, yemwe ankadziwa kuti kunyumba fizi yavuta. Tsiku lanu lonse linamangidwa pa iyeyo, n'chifukwa chake 6 koloko madzulo ikakwana mumasowa pogwira.

Simunalembe za foni, koma ndikudziwa kuti ilipo. Usiku wa manda, anzanu m'chipinda ali mkonono, inu mwafunda bulangeti kumutu, mukutsegula status yake kachisanu, mukuwerenga nthawi yomwe anali pa intaneti, mukudzifunsa kuti dzanja likuoneka m'mphepete mwa chithunzilo ndi la ndani. Tara Marshall wa ku Brunel University ku London anafunsa anthu 464 mu 2012, ndipo anapeza kuti omwe ankangokhalira kusuzumira tsamba la Facebook la wakale wawo ndi omwe ankavutika kwambiri mumtima ndi kuchedwa kuchira. Kumeneko ndi kutokosa chilonda chomwe chimafuna kuuma. Zimitsani status yake, ndipo ngati chala chikukana kumvera, mubulokeni. Ena amati kubuloka ndi chibwana. Ine ndikuti tulo tanu ndi tofunika kuposa zomwe anthu anene.

Anzanuwo amakukondani, koma malangizo awo musawatenge. Mowa umakugwetsa msanga, kenako umakudzutsa tambala asanalire, maganizo aja atabwerera ndi mutu wopweteka. Zopeza wina sabata ino, mukangopweteka mwana wa eni ake yemwe sanakulakwireni, ndipo munthu wamtima wosweka ataledzera sakumbukira kondomu. Chomwe mungawapemphe anzanuwo ndi ichi: azikutengani pokadya, azikukokerani kubwalo la mpira, mmodzi azikhala nanu powerenga.

Za mayeso ndiye musazengereze. Kulemba sapu (mayeso obwereza ukalephera) kapena kubwereza chaka kumadya ndalama zomwe makolo alibe, ndipo ngati muli pa ngongole ya boma mukudziwa nokha kulemera kwake. Pitani kwa mphunzitsi wa kosi ija mukapemphe kusintha gulu. Simukuyenera kufotokoza mbiri yonse, kungoti pali vuto la inu nokha. Kafikeninso ku ofesi ya Dean of Students mayeso asanayambe, chifukwa nkhani yomwe yafika zotsatira zitatuluka kale imavuta kuithandiza. Powerenga musadzikakamize usiku wonse. Theka la ola, pepala limodzi la mayeso akale, pamalo pomwe pali anthu, kenako tulukani mukawombedwe mphepo.

Tsopano pali mawu amene andidetsa nkhawa mu imelo yanu: mwezi wathunthu osagona bwino, osadya. Achipatala amati munthu akakhala wokhumudwa pafupifupi tsiku lililonse kwa milungu iwiri kapena kuposa, zomwe ankakonda osazifunanso, tulo ndi chakudya zitasokonekera, mwina sichilinso chisoni wamba, akhoza kukhala matenda okhumudwa, ndipo amachizika. Inu mwapitirira milungu iwiriyo. Pitani kukiliniki ya pasukulu sabata ino, mukawauze monga mwandiuzira ine. Ku Zomba komweko kuli Zomba Mental Hospital, ndipo kupitako sikutanthauza misala. Owerenga omwe muli ku Mzuni kapena ku Bunda, chipatala cha matenda a maganizo cha St John of God chili ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Tinakula tikuuzidwa kuti mwamuna salira, koma malipoti a apolisi chaka ndi chaka amaonetsa kuti ambiri mwa odzipha m'dziko muno ndi amuna. Ngati ganizo lodzichotsera moyo lakufikiranipo, ngakhale kamodzi, musagone nalo. Uzani munthu lero, kaya ndi mnzanu wa m'chipinda, malume anu, abusa kapena shehe, ndipo akuperekezeni kuchipatala.

Mkwiyo udzabwera, ngati sunafike kale. Mtsikanayo ali ndi ufulu wochoka, ngakhale zikuwawa. Musamulondole, musamuimbire ndi manambala achilendo, ndipo zithunzi zomwe anakutumizirani muli pachikondi zisatuluke m'foni mwanu, bola muzifufute. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuzunza munthu kudzera pa intaneti, ndipo mlandu wotere ukhoza kukutayitsani sukulu yomwe mwaivutikira zaka zitatu.

Mukakaonana ndi achipatala komanso a Dean, ndilembereninso. Ndikufuna kumva zomwe akakuuzeni.