Ahedi akuti mwana wanga asabwerenso, ndipange bwanji?

FUNSO: Zikomo Azakhali. Ndili ndi mwana wamwamuna wa zaka 9 ali sitandade 3, kuyambira ali wamng'ono khutu lake limatuluka mafinya nde pano samamva bwino makamaka mukamuyankhulira kumbuyo. M'kalasi mwawo ndi ana opitilira 100 iyeyo amakhala kumbuyo kwenikweni, aphunzitsi akamufunsa amangowayang'ana nde akuti ndi wamwano, tsiku ndi tsiku panishimenti, kutchetcha, kukumba dzenje la zinyalala. Sabata yatha anzake amamuseka kuti gonthi iye anamenya m'modzi mpaka magazi m'mphuno, ahedi akuti asapondenso pasukulupo. Ndipange bwanji ine? Mayi wodandaula, Mulanje

YANKHO: Pepani kwambiri mayi. Kumenyako analakwa ndithu, mumutenge mupite naye kwa makolo a mnzakeyo akapepese. Koma zomuthamangitsa sukulu ayi, Education Act ya 2013 imati mwana aliyense akuyenera kuphunzira pulayimale, komanso kuyambira 2012 tili ndi lamulo loletsa kusala munthu pa maphunziro chifukwa cha ulumali. Ndipo ahediwo mukawafunse mwaulemu kuti nanga aja amamuseka aja apatsidwa chilango chanji, poti nkhani inayambira pamenepo.

Chikundiwawa ine ndi panishimenti ya tsiku ndi tsikuyo. Mwana sanamve funso, mwamupatsa chitchetcho, akutchetcha panja anzake akuphunzira masamu, mawa akalowa m'kalasi ali m'mbuyo kuposa dzulo, mtima ukuwawa, nde mudabwa akaponya chibakera?

Yambirani kuchipatala ndi buku lake lija, khutulo alichize komanso mupemphe akamuyeze mamvedwe, ku Queen Elizabeth ku Blantyre kuli kiliniki ya zimenezi. Zomwe alembe adokotala mupite nazo kwa ahedi, osapita nokha, tengani wa komiti ya sukulu kapena amayi a mother group. Akakanabe pitani ku TDC, ofesi ya zamaphunziro ya pa zoni, mukaonane ndi a PEA, mlangizi woyang'anira sukulu za pulayimale za zoni yanu, muwauze kuti mukufuna mphunzitsi wa special needs (wa ana a ulumali), aja amaphunzira ku koleji ya Montfort ku Nguludi, adzamuone mwanayu.

Ena akuwuzani kuti mungomupititsa ku Mary View, sukulu ya ana osamva, musathamangire, dikirani kaye zotsatira za kuchipatala. Panopa akangobwerera akhale kutsogolo, khutu lomwe limamvako bwino liloze kwa aphunzitsi, ndipo iwo aziyankhula akumuyang'ana osati atatembenukira ku bolodi.